Oyilo wa M'mafoloko a Njinga Yamoto: Ntchito Imene Mlimi Angaigwire Yekha Pakhomo

Pa msonkhano wa makalabu a alimi umene unachitikira m'boma la Ntcheu, mmodzi wa mamembala athu, yemwe amalima tomato ndi kachewere, anapatsidwa mpata wolankhula za kasamalidwe ka njinga yamoto. Alimi ambiri anapempha kuti mawu akewo alembedwe kuti amene sanafike nawonso apindule. Nawa mawuwo.

 

Ine si makaniko ayi. Ndine mlimi ngati inu nomwe, ndipo chimene chandiimika pano ndi chipsera chili pabondo langali. Ambiri a ife masiku ano tili ndi njinga zamoto, kaya ndi Bajaj Boxer, Lifan, TVS, Honda kapena Yamaha. Njinga imeneyi ndiyo ngolo yathu. Imatenga tomato kupita kumsika, imabweretsa feteleza, imathamangitsira wodwala kuchipatala usiku. Oyilo wa mu injini timamukumbukira tonse. Tcheni timachithira mafuta. Koma ndifunse: ndani mwa ife anasinthapo oyilo wa m'mafoloko chigulire njinga yake? Ndikuona manja ndi owerengeka. Inenso kale dzanja langa silikanakwera.

Zimene zinandionekera

Chaka china mvula itangosiya, ndinayamba kuona kuti foloko ya kumanzere ikunyowa. Fumbi linkamatirira pamenepo n'kupanga kamzere kakuda. Ndinkangopukuta ndi kansanza n'kumapita. Tsiku lina m'mawa ndinamanga madengu awiri a tomato, ulendo wa ku Lizulu. Ndili pamtsetse, mbuzi inadumphira mumsewu. Nditagwira buleki, kutsogolo kwa njinga kunamira mpaka kugunda kuti khu! Mahandulo anagwedezeka, tayala linaphonya, ine pansi. Tomato yense anaphwanyika, ndipo ndinakhala masabata awiri osaponda kudimba.

Nditachira ndinapita nayo njingayo kutauni, kwa ogulitsa amene alinso ndi galaja yawo. Tsiku loyamba anati amakaniko atanganidwa. Tsiku lachiwiri anati ndidikire. Ndinagona kwa achibale, ndinadya zogula, petulo wopita ndi wobwerera anali wanga, kwinaku kudimba kulibe wothirira. Tsiku lachitatu ntchito inagwiridwa ine ndikuona, ndipo siinathe ngakhale theka la tsiku. Makaniko amene anaigwira anali munthu wabwino. Anandionetsa zimene zinatuluka m'mafolokomo: kumanja madzi akuda onunkha, kumanzere timadontho chabe. Anandiuza kuti, "Bambo, mukanasintha oyiloyu nthawi yake, mwina simukanagwa." Kuyambira tsiku limenelo ntchitoyi ndimaigwira ndekha pansi pa mtengo wa mango pakhomo panga.

Kodi oyiloyu amagwira ntchito yanji?

Foloko iliyonse ili ndi mapaipi awiri, yonyezimira ija yolowa m'kati mwa inzake. M'kati muli sipuling'i, muli kachitsulo kokhala ndi timabowo ting'onoting'ono, ndiponso muli oyilo. Sipuling'i ndiyo imanyamula kulemera. Koma sipuling'i payokha ilibe mwambo: mukaipanikiza imabwerera mwamphamvu n'kumangodumphadumpha. Oyilo ndiye amaiweta. Tayala likagunda mwala, oyilo amakakamizika kudutsa m'timabowo tija, ndipo poti sangadutse msanga, foloko imatsika ndi kukwera modekha. Zikatero tayala limakhala logwira pansi, ndipo tayala logwira pansi ndilo limamva buleki ndi kukhota.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Kampani ya BMW ya ku Germany inayamba kugulitsa njinga zokhala ndi mafoloko a oyilo otere mu 1935, ndipo njinga zing'onozing'ono zimene tikukwerazi zimayendera njira yomweyo mpaka lero.

Oyilo ameneyu amakalamba. Zitsulo zikamakhulana m'kati zimatulutsa tizidutswa tosaoneka bwino timene timasanganikira mu oyilo. Fumbi ndi madzi zimalowanso pang'onopang'ono, makamaka kwa ife amene timawoloka mitsinje ndi kuyenda m'matope. Mapeto ake oyilo amasanduka ngati madzi otsukira mbale, ndipo sawetanso sipuling'i. Amakaniko ambiri amalangiza kusintha pakatha zaka ziwiri. Kwa ife a misewu yafumbi ndi katundu wolemera, ine ndimati kamodzi pachaka, mvula ikatha.

Mungadziwe bwanji kuti nthawi yakwana?

Khalani panjinga, gwirani buleki ya kutsogolo, kanikizani mahandulo pansi mwamphamvu n'kusiya. Foloko yabwino imatsika, imabwerera kamodzi n'kukhazikika. Ikamanjanja ngati mpira, oyilo watha ntchito. Zizindikiro zina ndi izi: kutsogolo kumamira kwambiri mukagwira buleki, kumagunda kuti khu mukalowa m'dzenje, mikono imatopa msanga paulendo, ndipo paipi yonyezimira ija imakhala yonyowa. Njinga zambiri zili ndi malabala opindikapindika ophimba mapaipiwa. Kwezani labalalo muone m'kati, chifukwa limabisa kudontha. Ngati njinga yanu ili ndi buleki ya disiki, kudontha kumeneku n'koopsa kawiri, pakuti oyilo akatsikira pa buleki, buleki siigwiranso.

Zofunika kukonzeratu

Mufunika masipanala okwana bwino pa mabawuti a njinga yanu, osati sipanala yolobodoka imene imadya mitu ya mabawuti. Mufunika beseni lakale, nsanza zoyera, lula kapena tepi yoyezera, ndi choyezera oyilo chokhala ndi manambala a ma ml. Ine ndimagwiritsa ntchito jakisoni wamkulu watsopano wogula kusitolo ya mankhwala a ziweto, ndipo akagwira ntchito imeneyi sabwereranso kukhola.

Oyilo wake ndi wapadera, pabotolo amalemba kuti fork oil, ndipo pamakhala nambala monga 5W, 10W, 15W kapena 20W. Nambala ikakula ndiye kuti oyiloyo ndi wolemererapo. Njinga zing'onozing'ono zambiri zimafuna 10W, koma mawu omaliza ali m'buku la malangizo la njinga yanu. Mabuku a njinga zina zakale amalola oyilo wofiira uja wa m'magiya a galimoto wotchedwa ATF, ena amalola oyilo watsopano wa injini. Ngati buku lanu silinatero, musayerekeze. Ndipo oyilo wakuda wochotsa mu injini asalowe m'foloko ngakhale zitavuta bwanji, chifukwa ameneyo ndi zinyalala kale. Dziwaninso kuti 10W wa kampani ina sakhala wofanana ndendende ndi 10W wa kampani inzake, choncho mafoloko onse awiri athiridwe kuchokera m'botolo limodzi. Pa njinga za 100cc mpaka 150cc, lita imodzi imakwanira mafoloko onse awiri n'kutsalako.

Mlingo wa oyilo umasiyana njinga ndi njinga. Musatengere wa mnzanu ngati njinga zanu zili zosiyana. Safunsa anadya phula: onani m'buku, kapena funsani amene anakugulitsani njingayo, n'kulemba nambalayo pamalo posatayika.

Kagwiridwe ka ntchito

Choyamba, tsukani njinga, makamaka kutsogolo, ndipo sankhani malo osalala opanda fumbi louluka. Yalani thumba kapena pepala la pulasitiki loikapo zitsulo. Mchenga ndi mdani wamkulu wa ntchito imeneyi.

Chachiwiri, imikani njinga pa sitandi yapakati. Ikani thumba la chimanga pakaliyala kuti kumbuyo kulemere, tayala la kutsogolo linyamuke, kenako ikani chitsa kapena njerwa pansi pa injini. Gwedezani njingayo muone ngati yakhazikika. Ana akhale patali.

Chachitatu, musanachotse chilichonse, masulani pang'ono chabe chotsekera cha pamwamba pa foloko iliyonse, mafoloko akadali ogwidwa panjinga. Mukadikira mpaka foloko ili m'manja, paipi idzangozungulira limodzi ndi sipanala. Ngati pamwambapo pali bawuti yofinya paipi, yambani mwamasula imeneyo, pakuti imapana chotsekeracho. Phimbani thanki ndi nsalu kuti sipanala ikaphonya isakande penti. Yezaninso n'kulemba pamene paipi yalekezera pamwamba kuti mudzabwezere pomwepo.

Chachinayi, chotsani waya wa sipidomita ndi wa buleki, kenako tayala ndi madigadi. Onetsetsani mmene timawashala ndi timapaipi ta pa ekiselo takhalira, n'kutindandalika momwemo pathumba paja. Amene muli ndi foni yojambula, jambulani musanamasule. Ngati buleki ndi ya disiki, chitsulo chopana disikicho chimangirireni ndi waya kuti chisalendewere pa paipi yake ya labala, ndipo musafinye buleki tayala lili kunja.

Chachisanu, masulani mabawuti ogwira foloko imodzi n'kuisolola chotsitsa. Gwirani foloko imodzi, muimalize, kenako inzake, kuti zitsulo zisasokonezeke.

Chachisanu ndi chimodzi, imikani folokoyo chilili n'kumaliza kumasula chotsekera. Apa chenjerani. Sipuling'i ili m'kati ikukankha, ndipo chotsekeracho chikhoza kuuluka n'kukuchotsani dzino kapena diso. Kanikizani ndi chikhatho pomasula, nkhope ili pambali. Pa njinga zina chotsekerachi chilibe mazinga, chimagwidwa ndi kawaya kozungulira. Pamenepo pamafunika anthu awiri, wina kukanikiza, wina kuchotsa kawayako.

Chachisanu ndi chiwiri, tulutsani sipuling'i pang'onopang'ono. Masipuling'i ambiri mbali ina ndi yothithikana kuposa inzake. Onani mbali imene inali pamwamba kuti mudzabwezere chimodzimodzi. Ipukuteni n'kuiyeza kutalika kwake. Ikafupika kuposa mlingo wa m'buku, kapena ikasiyana ndi inzake, ndiye kuti yatopa, ndipo masipuling'i amasinthidwa onse awiri pamodzi.

Chachisanu ndi chitatu, pendeketsani foloko m'beseni. Ipopeni kangapo, kulowetsa ndi kutulutsa paipi, mpaka oyilo asiye kutuluka, kenako iimikeni chadodolido kwa kanthawi. Thiranimo oyilo watsopano pang'ono, popani, khuthulani, kuti litsiro lotsalira lichoke. Petulo musatsukire, amawononga labala ndiponso ndi moto. Njinga zina zakale zili ndi kabawuti kokhetsera oyilo kumunsi kwa foloko, moti mukhoza kukhetsa osachotsa foloko, koma njira imeneyo siichotsa litsiro lonse.

Chachisanu ndi chinayi, thirani oyilo watsopano pa mlingo wa m'buku. Popani modekha kakhumi kapena kuposerapo kuti mpweya wotsekeredwa utuluke, ndipo dikirani mphindi zingapo thovu lithe. Mabuku ambiri amaperekanso mlingo wachiwiri, wa mamilimita kuchokera pakamwa pa paipi kufika pamene oyilo walekezera. Mlingo umenewu nthawi zambiri umayezedwa sipuling'i ili kunja, foloko itakanikizidwa mpaka pansi, ili chilili. Ndiwo wodalirika kwambiri chifukwa oyilo wakale satha yense m'kati. Akachuluka, mupopeni ndi jakisoni uja.

Mwina wina afunsa kuti, nanga kuthira wambiri si ndiye bwino? Ayi. Mpweya umene umatsala pamwamba pa oyilo umagwira ntchito ngati sipuling'i yachiwiri. Oyilo akachuluka mpweya umachepa, foloko imauma gwa, ndipo mphamvuyo ikhoza kuphulitsa labala lotchinga oyilo. Akachepa, foloko imagunda pansi ngati mmene inachitira yanga. Chachikulu n'chakuti mafoloko onse awiri akhale ndi mlingo wofanana.

Chakhumi, kokani paipi m'mwamba, bwezerani sipuling'i ndi timawashala take, onani ngati kalabala kozungulira ka pachotsekera kali bwino, ndipo yambani kumanga chotsekeracho ndi dzanja. Mazinga ake ndi aang'ono ndiponso osachedwa kuphwanyika. Chikakana, bwererani m'mbuyo muyambirenso, musachikakamize ndi sipanala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pomaliza bwezerani mafoloko pa mlingo munalemba uja, mangani mabawuti a m'munsi, limbitsani zotsekera, kenako mabawuti a pamwamba. Bwezerani madigadi, tayala ndi mawaya. Ngati kumunsi kwa foloko kuli mabawuti ofinya ekiselo, tsitsani njinga pansi, ikanikizeni kangapo kuti mafoloko akhale pamzere, ndiyeno muwamange. Yenderaninso bawuti iliyonse ndi sipanala. Yesani buleki njinga ili chiimire, kenako yendani pang'onopang'ono pabwalo opanda katundu. Mukabwerako onani ngati pali podontha. Mawa lake yenderaninso mabawuti aja.

Za labala lotchinga oyilo

Kusintha oyilo sikuletsa kudontha. Chimene chimatchinga oyilo ndi labala lozungulira limene amakaniko amati seal. Nthawi zina limadontha chifukwa kamchenga kalowa pansi pake. Dulani kapulasitiki kopyapyala kuchokera ku botolo la madzi, kalowetseni mosamala pakati pa paipi ndi labalalo, kazungulitseni n'kukatulutsa. Kawirikawiri kudontha kumaleka. Kukapitirira, labalalo latha ndipo lisinthidwe. Yendetsaninso chala pa paipi yonyezimira. Ngati pali dzimbiri kapena pokumbika, pamenepo ndi pamene pakudula labala, ndipo ngakhale mutaika latsopano lidzathanso msanga. N'chifukwa chake malabala opindikapindika aja akang'ambika tiyenera kuwasintha msanga. Ndi otchipa kusiyana ndi paipi.

Nthawi yopita kwa odziwa

Sindinabwere kudzanyoza amakaniko kapena ogulitsa njinga. Pali nthawi imene tiyenera kupita kwa iwo. Njinga ikadali pa walanti, werengani pepala lanu musanamasule kanthu, chifukwa mukhoza kutaya ufulu wokonzeredwa. Ngati munagundapo chinthu, gubuduzani paipi pamalo osalala ngati galasi. Ikakhala yopindika, imeneyo si ntchito ya pansi pa mango, ndipo musalole kuti aiwongole ndi hamala. Kusintha labala lotchinga lija kumafuna kuphwasula foloko yonse, choncho ulendo woyamba chitani pamodzi ndi munthu wodziwa. Mafoloko a njinga zikuluzikulu, amene paipi yonyezimira ili kumunsi, ali ndi kakonzedwe kena. Ndipo kumbukirani kuti palibe oyilo amene angapulumutse njinga yosenzetsedwa katundu woposa mphamvu yake. Chipewa choteteza mutu chivalidwe ulendo uliwonse, ngakhale wa kudimba.

Oyilo wakale timutani?

Musamutaye kudimba, pafupi ndi chitsime kapena mumtsinje, pakuti amawononga nthaka ndi madzi amene tikumwa tokha. Musapake pazilonda za ziweto kapena pakhungu la munthu. Musamusunge m'botolo la zakumwa, mwana angamwe. Muikeni m'chigubu chotseka bwino, chilembeni, chikhale posafikira ana, ndipo mukadzapita kutauni kafunseni kugalaja kumene amasonkhanitsa oyilo wotha ntchito. Mukamaliza ntchito sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya.

Pempho langa kwa makalabu ndi atsogoleri

Alimi anzanga, njinga zathu, zitsulo zake ndi oyilo yemwe zimachokera kunja. Mphamvu ya kwacha itatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tonse tinaona mmene mitengo ya zinthu zimenezi inakwerera, pamene wogula tomato pamsika akunenerera monga kale. Mtengo wa kusitolo sitingausinthe tili pano. Koma masiku atatu amene ndinataya kutauni aja, amenewo tikhoza kuwapulumutsa.

Choncho ndili ndi mapempho anayi. Loyamba, kalabu iliyonse isonkhe ndalama igule bokosi limodzi la masipanala abwino ndi choyezera, lizisungidwa ndi msungichuma ndipo wobwereka azilembedwa m'kaundula. Mutu umodzi susenza denga. Lachiwiri, tizigula oyilo pamodzi m'masitolo odziwika, botolo lomata bwino, ndipo tizitenga lisiti. Oyilo wopungulira m'timabotolo m'mbali mwa msewu sitidziwa kuti ndi wanji. Mukagulitsidwa chinthu chachinyengo, lisitilo ndilo mboni yanu ku bungwe la Malawi Bureau of Standards kapena la Competition and Fair Trading Commission. Lachitatu, pogula njinga tiziumirira kuti atipatse buku lake la malangizo. Njinga yopanda buku ili ngati mbewu yopanda dzina, sudziwa kabzalidwe kake. Lachinayi, atsogoleri athu akambirane ndi a TEVETA kuti anyamata ndi atsikana a m'midzi mwathu aphunzitsidwe kukonza njinga zamoto, komanso apitirize kukumbutsa khonsolo za misewu yopita kuminda, chifukwa maenje ndi amene akutha mafoloko athu.

Amayi, nkhaniyi ndi yanunso. Ndalama yogulira njinga ija munaithirira limodzi kudimba, ndipo njinga ikagwa, mphika ndi umene umayamba kumva. Ntchito ndafotokozayi siifuna mphamvu zambiri, imafuna maso ndi kudekha. Kwathu amene amayeza oyilo ndi mayi a kunyumba, poti dzanja lawo silinjenjemera ngati langa.

Tikatuluka muno, aliyense amene wabwera panjinga akweze labala lija aone ngati paipi ili youma. Amene apeze ponyowa asachite manyazi, andipeze panja, masipanala ndabwera nawo.